Sabata Ino Ninyamula Ine

Tiwo anatuluka mu ofesi 11 koloko ya usiku itadutsa. Minibasi yomaliza inamutsitsa pamsewu waukulu, poti dalaivala anakana kulowa mu komboni ya Kanyama chifukwa cha madzi osefukira. Kondakitala anamugwirira chikwama potsika. "Muyende bwino, sisi." Tsiku lonselo palibe wina amene anamulankhula mawu osakhala a ntchito.

Ntchito yake inali yolondera makompyuta a kampani ina kuti mbava za pa intaneti zisalowemo. M'thumba mwake munali foni ya ulonda. Makina akangokayikira chinachake, foniyo inkalira, ndipo woinyamula ankayenera kuyankha pasanathe mphindi zisanu, kaya ali m'tchalitchi, kaya akusamba. Kale ankalandizana anthu anayi, aliyense sabata yake. Awiri anasiya ntchito, wina anadwala. Tiwo anali nayo sabata yachisanu ndi chimodzi. Ku kwaya ya kutchalitchi anasiya kupita. Amayi ake analeka kumuimbira, kuopa kumusokoneza. Kupempha kuti apumeko ankaopa, angamunene kuti walephera.

Magetsi anali atazima komboni yonse. Njira yakwawo inkadutsa m'mbali mwa dzenje lakale lomwe anthu ankaswamo miyala. Tsopano madzi anali ataphimba zonse, njira ndi dzenje osasiyanika. Anthu achifundo anali atayala miyala yopondapo. Tiwo anayamba kuponda umodziumodzi, akupemphera chamumtima.

Foni inalira.

Anaitulutsa. Kuwala kwake kunamuthobwa m'maso, koma sanaime. Ankayenda akuwerenga. Anaponya phazi... panalibe mwala!

Dzanja linamugwira pachigongono. Lozizira ngati chitsulo.

"Imani, sisi. Uko ni kwakuya."

Anali bambo wamtali wa malaya oyera. Pakhosi pake pankalendewera khadi ya kuntchito yofanana ndi ya Tiwo.

"Ndimwe bandani?"

"Ndine Silas. Tisebenza pamodzi ku kampani."

Tiwo anali asanamuonepo. Anaganiza kuti mwina ndi wa kunthambi ya ku Ndola. Foni inaliranso m'manja mwake.

"Isiyeni ilile," anatero bamboyo. "Ine ninayankha."

"Bazanichosa nchito."

"Kunchito bazapeza wina. Bamai banu sibazapeza wina."

Bamboyo anatsogola. Tiwo ankaponda pamene iye waponda. Mwala. Mwala wina. Achule anali atasiya kulira. Tiwo ankamva madzi akukhuvuka pansi pa nsapato zake. Zake zokha. Mvula inali itakata masana, koma malaya a bamboyo ankadontha... ankadonthabe...

Ambuye, khalani nane!

Anafuna kuthawa. Kuthawira kuti? Kumanzere madzi. Kumanja madzi.

Kenaka phazi lake linagunda nthaka youma.

"Mailo mukabauze ba bosi, ba Edmond, kuti sabata ino ninyamula ine," anatero bamboyo osacheuka. "Imwe mukagone."

Tiwo anawerama kukonza nsapato yomwe inali itavuka. Podzutsa mutu kuti athokoze, panalibe munthu. Makwalala a mu Kanyama ndi ambiri, anadziuza choncho, ndipo anathamanga mpaka pakhomo pake. Anagwada pafupi ndi bedi osavula jekete. Tulo tinamupeza pomwepo. Foni sinalirenso mpaka kunacha.

M'mawa analowa mu ofesi ya ba Edmond, mkulu wa gulu lawo, munthu wosakonda kuyang'ana amene akulankhula naye. Anaika foni ija patebulo.

"Ba bosi, ba Silas bakamba ati bazanyamula sabata ino."

Zala za ba Edmond zinaima pakompyuta.

"Silas uti?"

"Bamutali. Bali na khadi yathu. Bananigwila pa dzenje ija ya ku Kanyama, nenze pafupi kugwelamo."

Ba Edmond anavula magalasi. Anamuyang'ana Tiwo nthawi yaitali, maso ake ofiira, matope m'nsapato zake, ngati akumuona koyamba. Kenaka anatenga foni naiika m'thumba la malaya awo.

"Yendani kunyumba. Mukabwele pa Mande."

"Nanga ba Silas, sibazaitenga?"

Mawu a ba Edmond anatuluka otsika kwambiri.

"Silas tinamuika ku manda ya ku Chingwere mu 2019, mwana wanga. Banamupeza mu dzenje yamene ija, foni ili mu manja. Enze pa sabata ya namba seveni."