Kansanza Kofiira ka Geresomo

Geresomo anachoka mochedwa pa sitolo ya thonje ya pa Thabwa, mdima utagwira kale, msana ukuwawa ngati wapunthidwa. Iye ndiye anali makaniko wa lole imodzi yokhayo m'dera lonselo, chilole chotsala pa nkhondo ya Ajeremani chimene mzungu wogula thonje anachitola motchipa. Anthu ankachitcha Chipembere, chifukwa mawilo ake onse anayi ankakoka, ndipo m'matope momwe galimoto zina zinkagonamo icho chinkangodutsa chikufwenthera.

Chinsinsi chake chinali bokosi lachitsulo la kumimba. Mphamvu ikachoka mu injini inkalowa m'menemo, ndipo unyolo waukulu unkaigawa, ina kumawilo akutsogolo, ina kumbuyo. Unyolowo unkasambira mu oyilo. Ukauma unkatentha mpaka kuduka, ndipo ukadukira pa chitunda lole inkabwerera chambuyo osamva buleki.

Tsikulo mvula yoyamba inagwa kumapiri, mtsinje wa Mwamphanzi unadzaza, lole n'kuwoloka madzi ofika m'chiuno. Madzulo Geresomo anakwawira pansi pake bokosi likadali lofunda, n'kumasula nati. Oyilo anatuluka woyera ngati mkaka, umboni wakuti madzi alowa. Anamukhetsa yense, n'kukamutaya kudzala. Koma watsopano anali m'chipinda chokhoma, ndipo kalaliki, munthu amene sankachedwa pa mowa ngakhale tsiku limodzi, anali atapita ndi kiyi. Geresomo anangoti adzathira m'mamawa.

Amakaniko a lole imeneyo anali ndi lamulo lawo losalembedwa: bokosi likakhala louma, umange kansanza kofiira pa chiwongolero kuti woyendetsa asayerekeze kuliza injini. Woyendetsayo anali Damiano, mng'ono wake bere limodzi, amene ankakwera phiri ndi thonje kupita ku Kabula.

Njira ya kumudzi inkadutsa m'mabango, kenako pa mlatho wamitengo umene unali pafupi ndi manda akale. Kunkatentha ngakhale unali usiku. Udzudzu unkamuimbira m'makutu, achule akusokosera mbali zonse.

Atayandikira mlatho, achule onse anakhala chete.

Anamva fungo. Fungo la oyilo wopserera. Ananunkhiza malaya ake, koma silinali lake.

Kumbuyo kunamveka mapazi. Phazi limodzi linkaponda, linalo linkakhwekhwereza... Geresomo anaima. Mapaziwo sanaime. Anadza mpaka pambali pake.

Anali bambo wamtali, wovala jasi lankhondo m'kutentha konseko. Dzanja lake lamanja linali lopindikira kumbuyo, ndipo m'dzanja linalo anagwira sipanala yadzimbiri.

“Zikomo bambo,” anatero Geresomo. “Mukulowera kuti usiku uno?”

Munthuyo sanamuyang'ane. Maso ake anali kuphiri.

“Oyilo nkhabe,” anatero mwa Chisena, motsitsa, kutanthauza kuti oyilo mulibe. “Bokosi lauma, shamwali.”

Geresomo anathamangitsa miyendo, n'kukwera pa mlatho. Mitengo inkalira pansi pa mapazi ake, koma pansi pa mlendoyo sinalire. Chikhalirecho anali pambali pake, phewa ndi phewa.

“Ndinu yani kodi? Mwadziwa bwanji za lole?”

“Unyolo ukatentha umayamba kuimba. Ine ndinaumva.” Apa ndi pomwe anatembenuka. Mbali imodzi ya nkhope inali yophwanyika, ndipo kukamwa kunkachucha zakuda. “Nanga m'thumbamo mwasungamo chiyani?”

Geresomo anapisa dzanja m'thumba. Zala zinakhudza nsalu yonona. Anaitulutsa.

Kansanza kofiira!

Anali atapukutira manja, n'kukaponya m'thumba osaganiza, monga munthu amachitira ndi nsanza iliyonse. Pa chiwongolero panalibe kanthu.

Atadzutsa mutu, pa mlatho anali yekha. Fungo lokha ndi lomwe linatsala.

“Mayo ine! Damiano!”

Anabwerera ndi liwiro. Mabango anamucheka kumaso. Anagwa, anadzuka, anagwanso... Mumtima ankangodzilimbitsa kuti mng'ono wake amanyamuka tambala atalira, ndipo tambala anali asanalire. Ankapemphera mosokoneza, akutchula Mulungu ndi makolo ake pamodzi.

Pabwalo la sitolo anapezapo mikwingwirima ya mawilo basi.

“Agogo! Lole ili kuti?”

Mlonda, nkhalamba imene inakalambira pa sitolopo, anadzuka pa mpando wake. Iyeyo anafika pa ntchito Geresomo atachoka kale, ndipo za bokosi sanadziwe.

“A Damiano anyamuka mwezi utangotuluka. Ati akwere kukadali kozizira, injini ingawire. Anayang'ana pa chiwongolero, ndawaona ndi maso angawa. Ati, ‘Achimwene akonza,’ n'kupukusa injini.”

Geresomo anatambasula dzanja. Nkhalambayo inaona kansanzako, n'kugwira pakamwa.

Onse awiri anayang'ana kuphiri. Kutali, pamwamba, nyali ya lole inkaoneka ngati kanyenyezi kokwawa. Inkakwera pang'onopang'ono. Inakhota. Inakweranso. Geresomo anayamba kupuma, akuti mwina oyilo wotsalira pa unyolo amufikitsa.

Nyaliyo inaima.

Kenako inayamba kutsika... mofulumira... mofulumira kwambiri. Inatembenuka kuloza kumwamba. Inazima.

Phokoso linafika mochedwa, laling'ono, ngati mbale yagwa m'nyumba ya eni.

Geresomo anagwada m'fumbi. Analira ngati mwana, akudzimenya pachifuwa, akuti wapha m'bale wake ndi manja ake. Anafotokoza zonse modukizadukiza, za mlatho, za jasi, za dzanja lopindika, za munthu amene anamuchenjeza nthawi itatha kale.

Mlonda anakhala pansi pang'onopang'ono.

“Wa jasi lankhondo, wolankhula Chisena? Mwana wanga, amenewo ndi a Fernando. Ndi amene anabwera ndi lole imeneyi kuchokera kunkhondo. Inawapha pa khona lomwelo la kuphiri, bokosi lili louma, inu musanayambe ntchito pano. Kansanzako kanayamba chifukwa cha maliro awo. Manda awo ndinakumba nawo ine, patsidya pa mlatho paja.”