Ufa wa Alangizi a ku Kasanda

Tryness ankatsuka mbale panja dzuwa litangolowa pamene anamva khanda likulira kuseri kwa nyumba ya amai Mwaka, alangizi a ku Kasanda. Kumeneko kunalibe mwana. Amaiwo ankakhala okha.

Ndiwo analanga Tryness pa ukwati wake, namupatsa ufa wotuwa woti aziika kumaliseche kuti kuziuma, mwamuna asayende. Anzake Eva ndi Christabel anapatsidwanso. Onse atatu anayamba kununkha ngati nsomba yowola, ndipo mimba zawo zinkangochoka. Amuna awo, zitsiru zomwe zinkakonda ufawo, anayamba kunyoza akazi ku mowa.

Moffat, mwamuna wa Tryness, sanabise. “Chaka chino ngati palibe mwana, ubwerera kwanu ku Petauke.”

Ku kiliniki nesi anamupima nafunsa, “Mumaikako chiyani, amai?”

“Ufa wa alangizi.”

“Lekani! Mkatimo mumakhala tizilombo tabwino tolondera njira ya mwana. Mwatipha. Toipa tachulukana, takwera mpaka m'chiberekero.”

Tizilombo, inde. Koma toipato anatitsegulira khomo ndani? Zimenezo nesi sanafunse.

Madzulo ena kulira kuja kunayambanso. Tryness anakulondola mpaka kukashedi ka malata, komwe fungo lomwe lija la nsomba yowola linamuwomba m'mphuno. Pansi panandanda mabotolo, lililonse lomangidwa kansalu kong'ambidwa pa chitenje cha mkwatibwi. Anazindikira kake. Botololo linali lofunda ngati thupi, ndipo mkati china chake chinkagunda.

Analiponya pansi ndi mantha. Munatuluka fumbi lotuwa ngati la pa chulu cha zotaya za mgodi wa ku Kasanda. Kulira kunaleka pomwepo.

“Iwe mwana, wachita chiyani?” Amai Mwaka anali ataima pakhomo.

“Mfiti inu! Mwatidyera ana!”

“Kudya? Ine ndimasunga. Moffat wako mwana angamudyetse chiyani, mowa? Uyo wamupha wekha.”

Anthu atamva phokoso anabwera akuthamanga ndi miyala, koma ataona mabotolo aliyense anabwerera chambuyo. Amuna olimba pakamwa aja anali oyamba kuthawa. Kutacha, shedi inali yopanda kanthu.

Tryness anamwa mapilitsi a ku kiliniki, fungo linatha. Mimba sinabwere. Moffat anamukweza basi ya ku Petauke, napeza kamtsikana kena.

Amai Mwaka ali ku komboni ya Mukobeko tsopano, akulangabe. Sabata yatha achibale a Moffat anapita kukawatenga, kuti akalange mkazi watsopanoyo.