Madzi a Mbali Imodzi

Anthu a mumsewu wathu mumzinda wa Sivas sakonda kuikamba nkhani iyi, koma inachitikadi, ndipo si kale. Amene anaona zambiri ndi Rasim, mwini ng'anjo ya buledi yoyang'anizana ndi nyumba ya mayi Fikriye. Rasim ndi munthu wosakhulupirira zinthu msanga, woti ngakhale maloto ake omwe sawakhulupirira. Iye akati anaona, ndiye kuti anaonadi.

Mayi Fikriye anali amasiye, ndipo mwana anali naye mmodzi yekha, Sedat. Anamulera movutika, kusokera anthu zovala mpaka maso kufiira, ndipo mumtima mwawo anali atagamula kale kuti mwanayo ndi wawo mpaka kumanda. Kenako kunabwera Nilay, mtsikana wa ku Izmir, woseka mokweza, wodziwa chiwongolero kuposa amuna ambiri a kuno. Sedat atamukwatira anamubweretsa m'nyumba momwemo, m'zipinda za pamwamba. Nilay sanali woipa, tisamunamizire. Koma mayi Fikriye akamva mwana wawo akuseka kumwambako, ankakankhira mbale ya chakudya kutali.

Chaka chimenecho Nilay anapita padera. Anakhala milungu ingapo osatuluka, osaseka, kumangoyang'ana khoma. Sedat, pofuna kumuchotsa maganizo, anaganiza zopita naye kumapiri a Erzurum, kumene anthu amakatsetsereka pachipale, madzi oundana oyera ogwa nthawi yozizira, atamanga timatabwa kumapazi. Nilay ankawakonda masewerawo kuyambira ali mtsikana. Vuto linali lakuti tchuthi cha Sedat chinagwera sabata yomwe mayi ake ankaitana anansi kudzapempherera malemu bambo ake.

Ulendowo ankaukonzera patebulo la kukhitchini, mayi Fikriye ali pomwepo. Madzulo alionse awiriwo ankagundanitsa mitu pafoni, kuyang'ana msewu, kufufuza za nyengo, kukangana za malo opumira ndi omwera mafuta.

"Tinyamuke kukangoyera," anatero Sedat. "Mtunda uja wa tisanafike ku Erzincan tiudutse dzuwa lili pamutu. Likangopendeka, msewu umaterera ngati sopo."

"Ukayendetsa iweyo tikafika chaka chamawa," anatero Nilay, akuseka koyamba chichitikire zija. "Umayendetsa ngati wanyamula mazira."

"Ndiye kuti dziralo ndiwe."

Mayi Fikriye anagwetsera ketulo pambaula mpaka chivundikiro chinalira.

"Bambo ako akudikira pemphero, iwe uli pa za mazira."

"Amayi, ndalankhula kale ndi shehe. Tidzachita sabata inayo. Bambo sakuthawa."

"Eya, akufa sathawa. Amathawa ndi amoyo." Kenako anatembenukira kwa mpongozi wawo, nkumuyang'ana pamimba. "Mkazi wamkulu kukatsetsereka pachipale ngati kamwana. Anzako akuyamwitsa, iwe ukufunafuna magolovesi."

"Amayi!" anakuwa Sedat.

Nilay anaimirira. Anatolera timatambula ta tiyi, natitsuka, nakwera kumwamba. Sedat anamutsatira osacheuka, ndipo kusacheukako ndi kumene kunawapweteka mayi Fikriye kuposa kukuwa kuja.

Zokonzekera zinapitirira. Sedat anasinthitsa matayala, anagula matcheni omanga kumatayalako kuti asaterereke pachipale, nayeserera kuwamanga pabwalo zala zitauma ndi chisanu, Nilay akumuseka pazenera. Atatopa anawaunjika pakhonde. Tsiku loti mawa anyamuka, kuitanira kwa pemphero la madzulo kutangotha, mayi Fikriye anamva matcheni aja akulira okha, ngati wina akuwakoka pansi pang'onopang'ono. Kunalibe mphepo. Anasuzumira, napeza ali pomwe anawasiya. Sanauze munthu. Anabwerera kukhitchini kukakulunga chakudya cha paulendo ndi masokosi aubweya amene analukira Sedat. Za Nilay sanaluke.

Kuno wapaulendo sachoka pouma, aliyense amadziwa. Galimoto ikamanyamuka, wotsala amakhuthula madzi pambuyo pake, kuti apite ngati madzi, abwerenso ngati madzi. Ngakhale achinyamata oseka miyambo, mayi awo akaiwala amakumbutsa.

M'mawa wake Rasim anali akutulutsa buledi woyamba, chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha kwa ng'anjo. Anaona Sedat akupsompsona dzanja la mayi ake nkuliika pamphumi. Nilay naye anachita chimodzimodzi, koma dzanjalo linali louma ngati thabwa. Analowa m'galimoto, Sedat pachiwongolero kumanzere, mkazi wake kumanja. Mayi Fikriye anaima kumbuyo ndi jagi yamkuwa yodzaza.

Galimoto itayamba kuyenda, iwo sanakhuthule mwa nthawi zonse. Anasunthira kumanzere. Anawerama, nathira pang'onopang'ono m'mzere wa tayala la mbali ya Sedat yokha. Madzi atayamba kuyenderera kumanja, anawatchinga ndi phazi.

"Pita ngati madzi, ubwere ngati madzi, Sedat wanga," ananong'ona.

"Mayi Fikriye," anaitana Rasim ali pakhomo pake, "nanga mbali inayo?"

"Madzi andithera. Samala buledi wako, akupserera."

Rasim akuti pamene ankalowa m'nyumba, jagi ija inkamveka madzi akukhavuka.

Tsiku limenelo kunazizira koti malovu ankauma asanafike pansi. Mipope inatseka, zitseko zinakana kutseguka. Koma madzi a mayi Fikriye sanaundane. Anangokhala pomwepo, kadziwe kakang'ono kakuda pakati pa chipale choyera. Amphaka a mumsewu, amene nthawi yozizira amalimbirana dontho lililonse, ankakalambalala.

Foni inalira dzuwa likulowa. Anali msilikali wa pamsewu, wolankhula mwaulemu wa anthu ozolowera kunena zoipa. Anati lole inaterereka pamtunda uja, nkugunda galimoto ya Sedat m'mbali. Mmodzi wapulumuka, wina wamwalira pomwepo.

"Wa mbali iti?" anafunsa mayi Fikriye.

"Wa kumanja, mayi. Amene sankayendetsa."

Apa tinene zoona, ngakhale zili zonyansa. Mtima wa mayi Fikriye unagwa pansi ndi mpumulo. Anatseka maso nathokoza Mulungu. Msilikali uja anapitiriza.

"Dzina lake Sedat. Ndinu mayi ake?"

Nilay anabwerera wopanda ndi bala lomwe. Maliro anachitika, anthu anadya, anapemphera, anabalalika. Mayi Fikriye sanamulankhule mpongozi wawo ngakhale liwu limodzi, koma kwa anansi pakamwa sipankatseka. Ankati mkazi wa ku Izmir uja analanda chiwongolero ndi matama ake, nkuwaphera mwana. Ena ankavomera ndi mutu. Rasim ankangoyang'ana pansi.

Zinayamba patangopita masiku ochepa chiikire maliro. Kuitanira kwa pemphero la madzulo kutatha, msewu uli zii, mayi Fikriye anamva galimoto ikutsika kuchokera kumtunda. Inkayenda pang'onopang'ono. Matcheni ankalira pamiyala. Inaima pageti.

Anasuzumira. Panalibe galimoto.

Chitseko cha galimoto chinamveka chikutseguka, chimodzi chokha. Chinatsekedwa. M'khitchini munalowa fungo la petulo ndi la ubweya wonyowa. Kenako mapazi. Chipale chinkalira pansi pa nsapato, phazi ndi phazi, mpaka pansi pa zenera lawo. Pamenepo anaima.

Mayi Fikriye anagwira chotsekera chitseko.

"Sedat?"

Zii.

"Lowa, mwanangu. Tiyi ali pamoto."

Palibe analowa. Patapita kanthawi fungo lija linatha.

Mawa lake zinachitikanso, ndi mkuja womwe. Rasim nayenso ankamva, ndipo m'mawa, ana asanaponde, ankapita kukayang'ana. Mapazi a nsapato zazikulu ankayambira pakati pa msewu, popanda pochokera. Ankazungulira kadziwe kaja osakaponda, nkukathera pansi pa zenera. Obwerera panalibe. Rasim anaonanso china chimene sanauze munthu nthawi imeneyo. Pamene mapaziwo ankathera, zidendene zinkazama kwambiri kuposa zala, monga amaimira munthu woyang'ana m'mwamba.

Mantha a mayi Fikriye sanakhalitse. M'malo mwake munalowa kunyada kowawa. Anayamba kuphika supu imene Sedat ankakonda, kuiika pazenera, kuvala mpango wawo wabwino dzuwa likamalowa. Mwana wawo anali atabwerera kwa iwo, ndipo ulendo uno panalibe womulanda.

Madzulo ena anakwera kumwamba, koyamba chichitikire ngozi. Anapeza Nilay akupinda zovala m'sutikesi. Mchimwene wake anali m'njira kudzamutenga.

"Ukumumva?" anafunsa mayi Fikriye ali pakhomo. "Ngakhale atafa akubwera kwa mayi ake. Iwe unangomubwereka."

Nilay anapinda juzi, naiika, nakweza maso. Anali owuma.

"Sedat anakuonani pagalasi loonera kumbuyo, amayi."

"Wati chiyani?"

"Tsiku lija. Ine sindinaone, ndinkamanga lamba. Iye anaona. Anayendetsa osalankhula mpaka tinatuluka m'tauni, kenako anaima pambali nati, bwera ukhale kuno. Ndinamuseka. Ndinati wayamba kale kuopa chipale. Iye sanaseke. Anati, mbali ino ndi imene yathiridwa madzi, khala ndiwe."

Mayi Fikriye anagwira khoma.

"Ukunama."

"Ndikanakonda likanakhala bodza. Ndinamuuza kuti ndi zamkutu, madzi ndi madzi. Anati ngati ndi zamkutu, palibe chovuta, sintha." Nilay anatseka sutikesi. "Mwauza msewu wonse kuti ndinamupha ine. Sindinakutsutseni, chifukwa iye sakanafuna kuti anthu adziwe. Koma inu dziwani."

Kunja, kumtunda, matcheni anayamba kulira. Akazi awiriwo anatchera khutu. Galimoto inaima. Chitseko. Mapazi. Mayi Fikriye anali asanamvepo zimenezi ali kumwamba. Anaona Nilay akupita pazenera ngati munthu wozolowera, naika dzanja pagalasi lozizira, nayang'ana pansi. Zenera lakelo linali pamwamba penipeni pa la mayi Fikriye.

Mayi Fikriye anatsika masitepe. Supu inali pazenera, itazizira.

Mchimwene wa Nilay anafika m'mawa, chipale chatsopano chitagwa. Ananyamula katundu. Mayi Fikriye anakhala kukhitchini mpaka anamva injini ikulira. Apa ndi pamene chinthu china chinawalasa mumtima: akachoka mkaziyu, mwana wawo adzaimanso pansi pa zenera la yani? Anadzambatuka. Anatsanulira madzi ofunda a m'ketulo mujagi yamkuwa ija, nathamangira panja opanda nsapato.

"Dikira, mwanangu! Usachoke pouma!"

Kanali koyamba kumutchula choncho. Nilay anatsitsa galasi.

"Musathire, amayi. Sindidzabweranso."

"Ndithira konse, mbali zonse, taona!"

Galimoto inayamba kuyenda. Mayi Fikriye anaima pakati pa msewu napendeketsa jagi. Sipanatuluke kanthu. Anaigwedeza. Anaizondotsa. Ngakhale dontho. Rasim anathamanga ufa uli m'manja, nailandira. Akuti kunja jagiyo inali yofunda ndithu, yoti nkuotherapo zala, koma m'kati madzi anali atauma gwaa. Anagogoda ndi chala, ndipo analira ngati mwala.

"Rasim," ananong'ona mayi Fikriye. "Taona pansi."

Pakati pa mizere iwiri ya matayala, chipale chinkabonyoka chokha. Phazi. Phazi lina. Nsapato zazikulu, zoyenda mosafulumira, kulondola galimoto. Zinadutsa pafupi ndi mayi Fikriye, pafupi koti anamva fungo la ubweya wonyowa.

"Sedat! Ndine mayi ako!"

Mapaziwo sanaime. Sanachedwe nkomwe. Anakwera mtunda, nakhota pamene galimoto inakhotera.

Kuyambira tsiku limenelo mumsewu wathu simunamvekenso kanthu. Ena amati ana a mumsewu ndi amene ankaponda chipale, ena amati chisoni chimamvetsa munthu zinthu. Za jagi palibe amene amayankha. Mayi Fikriye akadali m'nyumba muja okha. Dzuwa likamalowa amatsegula zenera, kaya kuzizire motani, nkukhala pampando atatchera khutu kumtunda. Rasim akatseka ng'anjo amawapititsira buledi wotsala, ndipo funso limakhala lomwelo.

"Wamva kanthu lero, Rasim?"

"Ayi, mayi."

"Ngakhale patali? Mwina waima kumtunda, akuchita manyazi."

"Palibe, mayi. Tsekani zenera, mudwala."

"Pita, iwe. Ukundisokoneza kumva."