Wanja wa Nabawiya

Umphawi wa Nabawiya unali woti mbewa za m'chipinda chake ku Imbaba zinkakadya kwa oyandikana nawo n'kubwera kudzangogona. Ndikunena ine amene ndinamuona ndi maso angawa, ine amene ndalira maliro m'mafilimu onse a mu Cairo muno, moti misozi yanga atati aithire mu Nailo, milatho yonse ingamire.

Ntchito yathu inali yodzaza malo. Mukamaonera filimu, kumbuyo kwa katswiri kumakhala amayi ogula tomato, ena olira pamaliro, ena ongodutsa. Ndife amenewo. Tinkakhala pa tiyirumu ina pakati pa tauni, kapu imodzi ya tiyi mpaka dzuwa kupendeka, kudikira kuti wosankha anthu adzatiloze chala ngati akugula nkhuku.

Nabawiya anali ndi mnzake wapamtima, dzina lake Tafida. Awiriwa anali ndi diresi limodzi lakuda lolirira maliro, wina akavala mnzake amadikira. Ankadya mbale imodzi ya nyemba, buledi mmodzi, mchere uli pa kapepala. Ndipo kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti munthu amene wadya naye buledi ndi mchere sumupereka.

Tafida anali ndi pakamwa. Anaseketsapo bulu wa wogulitsa mavwende mpaka bulu anakhala pansi. Tsiku lina analowa mu tiyirumu akuvina.

"Nabawiya, mchemwali! Andipatsa mawu! Mu sewero la Ramadani, iwe, dziko lonse likuonera!"

"Mawu oti chiyani?"

"Oti, 'Madamu kulibe, achokapo.'"

"Ndiye ukuthyola chiuno chifukwa cha zomwezo?"

"Iwe nsanje! Chaka chamawa Madamu wochokapoyo ndidzakhala ine!"

Tonse tinaseka. Nabawiya anaseka ndi mano okha. Pobwerera kwawo anaima pansi pa chikwangwani cha katswiri wina wamkazi, nkhope yake yokha kutalika ngati nyumba yosanja, ndolo iliyonse ngati tayala la basi. Anayang'ana mpaka khosi linauma. M'mawa mwake sanabwere ku tiyirumu.

Anapita kwa bambo Shahata, wogulitsa zofukiza ndi wanja, uja wakuda amene amayi timadzola m'zikope. Kasitolo kake kanali m'kanjira kopanikiza koti munthu wonenepa amalowa chammbali. Musandifunse kuti ndinamva bwanji zimene anakambirana. Makutu angawa amamva nyerere ikatsokomola kutali ku Aswan.

"Mukufuna mwamuna, mwana, kapena kuti wina adwale?" anafunsa Shahata.

"Ndikufuna kamera indione."

"Ee, ndinu a zamafilimu. Khalani pansi, mayi. Tandiuzani, mu filimu mumakhala amuna angati oyankhula?"

"Ambirimbiri."

"Nanga akazi?"

"Mmodzi. Akakhala awiri, winayo ndi wantchito."

"Ndiye kuti mpando ndi umodzi. Ine si kalipentala, mayi, mipando sindikhoma. Ine ndimangodzutsa amene wakhalapo."

"Mundilipiritsa zingati?"

"Mulipire ndi chiyani, nsapato zong'ambikazo? Chizimba chake ndi mchere. Chaka ndi chaka, asanayambe kujambula masewero a Ramadani, mudye buledi ndi mchere ndi mkazi wa ntchito yanu yomweyi. Koma akhale wokukondani zenizeni, wa mlendo sugwira. Mchere wotsala mubwere nawo, ndiupere mu wanja, inu muzidzola."

"Nanga iyeyo? Afa?"

"Kufa? Mukundiyesa chigawenga? Sadwala ngakhale chimfine. Anthu azingomuyang'ana osamuona, basi."

"Ndikadumphitsa chaka?"

Shahata anamwetulira. "Wanja sagona ndi njala. Akasowa nkhope ya wina, amadya imene waigundayo."

Madzulo ake Tafida anafika ku Imbaba ndi buledi wotentha ndi nyemba zothira mafuta. Anatulutsanso diresi lija.

"Tenga, ndi lako lonse tsopano. Ndipo tamvera, ndawauza abwana kuti ndili ndi mchemwali wanga wodziwa kulira kuposa mwana wamasiye. Ati ndidzabwere nawe. Ndikalowa ine, iwe uli pambuyo pangapa."

"Mulungu akusunge, mchemwali," anatero Nabawiya. Anamupsompsona masaya onse awiri. Tafida atatembenuka kufuna nsapato, iye anapinda kapepala ka mchere n'kukabisa pachifuwa.

Tsiku lojambula, awiriwa anafika limodzi, Nabawiya atadzola wanja wa Shahata. Wotsogolera sewero anakuwa, "Kodi mayi woseketsa uja ali kuti?"

"Ndili pano, bwana," anayankha Tafida ali pamphuno pake penipeni.

"Muitaneni msanga, nthawi ikutha!"

"Bwana, ndine pano!"

Bwana anakanda m'khutu ngati mwalowa ntchentche. Kenaka maso ake anagwera pa Nabawiya, ndudu inagwa pakamwa. Wojambula atasuzumira mu kamera anakomoka, tinachita kumuthira madzi. Nabawiya anapatsidwa malo a Tafida, sabata isanathe anapatsidwa a Madamu eniake. Sewerolo likamaonetsedwa, anthu atamasula kusala, Cairo yense ankaima. Oyendetsa matakisi ankasiya kuliza mahutala, akuba ankabweza zikwama kuti athamangire ku kanema.

Chuma chinabwera ngati madzi osefukira. Anagula nyumba ku Zamalek, kwa anthu olemera, yoti wantchito akapita kukhitchini amatsanzika. Galimoto yake ikamakhota pakati pa tauni, kumbuyo kwake kunali kukadali kutali ku Giza.

Tafida anabwerera ku tiyirumu. Woperekera tiyi ankamudumpha. Wosankha anthu ankaloza wakumanja kwake ndi wakumanzere kwake. Mwamuna wake yemwe anamutsegulira chitseko n'kusuzumira kunja, n'kutsekanso akutukwana ana a anthu. Ine ndemwe, ndi maso anga oona nthata pamwamba pa piramidi, tsiku lina ndinamukhalira pamiyendo ndikuyesa kuti pampando palibe munthu. Mawu ake okha ndiwo ankamveka.

Atavutika mokwana anapita ku Zamalek kukapempha thandizo. Alonda sanamuletse poti sanamuone. Anapeza Nabawiya akudzola wanja pagalasi.

"Tafida! Walowa bwanji muno?"

Tafida anagwa pansi ndi chimwemwe. "Ukundiona? Mchemwali, ukundiona! Ana anga omwe sakundiona, koma iwe..." Anasiyira pomwepo. Anadzuka pang'onopang'ono. "Dikira. Iwe wekha, mu Cairo yense. Chifukwa chiyani iwe?"

Nabawiya anatsegula chikwama. "Tenga ndalama izi."

"Ndikagule chiyani? Wogulitsa sandiona. Ndakufunsa, chifukwa chiyani iwe?"

"Mwayi unali umodzi, Tafida. Ukanakhala iwe..."

"Ndikanakhala ine? Unali ine! Ndipo ndinakutenga padzanja! Mchere uja sindinauone pochoka paja, ndinkayesa mbewa zako. Nabawiya, buledi ndi mchere?"

Nabawiya anayang'ananso pagalasi n'kupitiriza kudzola.

Chaka chotsatira zikope zinayamba kumuyabwa, anadziwa kuti nthawi yakwana. Pa nthawiyo panali Madamu Suheir, mlembi wa masewero, mayi wamfupi koma mawu ngati sitima. Ameneyu ankamenya matebulo a mabwana mpaka kuthyoka, akuti, "Kodi akazi a dziko lino amangolira pawindo ndi kutsira tiyi? Ndikufuna dokotala wamkazi, woweruza wamkazi, wakuba wamkazi!" Anawagonjetsa. Analemba sewero la akazi okhaokha oyankhula, ndipo ngakhale ife odzaza malo anatipatsa mawu. Mayiyu ankamukonda Nabawiya ngati mwana wake, ankamutcha "diso langa".

Nabawiya anadziwa bwino kuti mayi uyu akutsegulira akazi onse khomo. Anadziwa! Koma zikope zinkayabwa, ndipo wina womukonda chotero panalibe. Anamuitanira chakudya.

Pamsonkhano wotsatira Madamu Suheir anamenya tebulo, mabwana n'kumati kwachita chivomezi. Mapepala ake anawapatsa mphwake wa bwana wamkulu, mnyamata woti polemba dzina lake amatuluka thukuta. Mnyamatayo anafufuta dokotala, anafufuta woweruza, anasiya mkazi mmodzi wolira pawindo. Mawu anga amene Madamu anandilembera, amene akanagwedeza dziko mpaka ku Morocco, anapita momwemo.

Anatsatira mayi wodzola anthu nkhope. Anatsatira mtsikana woyamba kugwira kamera pa kampani yathu ya mafilimu. Anatsatira woyimba wina wa mawu oti akayimba mkaka umasanduka uchi. Chaka ndi chaka mkazi mmodzi ankazimirira, ndipo mabwana sankafunsa n'komwe. Malo ake ankangoikapo mwamuna.

Koma pa tiyirumu paja, kuchokera pampando wopanda munthu, mawu ankamveka tsiku ndi tsiku: "Osadya naye mchere. Akazi inu, osadya naye mchere." Nkhani inafala. Nabawiya ankapha nkhosa, ankadzaza matebulo ndi nkhunda zodzazidwa ndi mpunga, akazi n'kumabwera ndi zifukwa.

"Pepani Madamu, adokotala andiletsa mchere."

"Inenso Madamu, magazi akuthamanga."

Chaka chimenecho akazi onse a zamafilimu anadwala matenda othamanga magazi, ndi ana a sukulu omwe.

Zikope zinasiya kuyabwa, zinayamba kutentha. Wojambula anayamba kupukuta galasi la kamera akuti, "Madamu, sunthani pang'ono, sindikukupezani bwino." Nabawiya anathamangira kwa Shahata.

"Bambo, wa mwamuna sungachite? Amuna ondikonda ndi odzaza bwalo la mpira."

"Wa amuna sugwira, mayi. Ukadzutsa mmodzi, amangokhala pampando wina."

"Ndiye nditani?"

"Pezani wokukondani. Mudakali ndi mphuno ndi pakamwa, fulumirani."

M'masiku omwewo kunafika mtsikana wochokera kumudzi ku Sohag, dzina lake Shuruk, woonda ngati ndodo, nsapato zobwereka. Ankafuna kusewera m'mafilimu. Tinamuchenjeza, iye anangoti, "Azakhali, zimenezo ndi nsanje." Anayamba kunyamulira Nabawiya chikwama, kumupesa tsitsi, kumusisita mapazi. Ankamutcha amayi.

Nabawiya anati mumtima, uyu ndiye. Anamutengera kunyumba kuti amuwete ngati nkhosa ya Idi. Anamuphunzitsa poima kuti kuwala kumugwere bwino, anamuphunzitsa kulira ndi diso limodzi. Koma m'nyumba muja munali mutapita zaka musanamveke kuseka, ndipo mtsikanayu ankaseka. Nabawiya akadwala mutu, Shuruk ankamumanga mpango n'kumuyimbira nyimbo za kwawo. Mapeto ake mayi wouma mtima uja, amene sanagwetse msozi chifukwa cha Tafida, anamukonda mwanayu zenizeni.

Tsiku linafika. Anayala buledi, anathira mchere m'kambale. Anadya. Nabawiya anatambasula dzanja kuti atenge kambaleko, koma analibweza.

"Amayi, mukulira?"

"Ndi wanjayu, mwanangu. Dikira ndikasambe m'maso."

Ali kubafa anadziuza kuti, uyu yekha ayi, ndipeza wina, uyu ndi mwana wanga. Anatuluka kuti akamukumbatire. Anapeza pampando palibe munthu, chitseko chili pululu, kambale katapukutidwa mbee.

Anathamanga wopanda nsapato kuchokera ku Zamalek mpaka m'kanjira kaja. Anapeza Shahata akupera mumtondo wake, akuyimba.

"Shahata! Mchere umenewo ndi wanga!"

Shahata anakweza mutu n'kuyang'ana uku ndi uku. "Ndani akuyankhula? Ee, mawuwa ndikuwadziwa. Madamu! Pepani, sindikukuonani bwino."

"Wandipereka, galu iwe! Zaka zonsezi ndimakubweretsera!"

"Mumayesa njira ya kuno mukuidziwa nokha? Mwanayu anabwera asanafike n'komwe ku tiyirumu kwanu. Ndinamuuza kuti mchere wa Madamu sugwira, mayi amene uja sakonda munthu. Iye anati, 'Ndipatseni nthawi, bambo.' Ali ndi luso mwana uja, mwamuphunzitsa bwino."

Pobwerera, alonda ake omwe anatseka geti atamva mawu opanda mwini. Kubanki anaitana munthu wodzapemphera. Zikwangwani zake anazimata nkhope ya Shuruk. Mutu unasokonekera. Ankayenda m'misewu akulakatula mawu a m'masewero ake akale, anthu n'kumathawa akuti ziwanda. Akaona munthu akujambula ndi foni, ankaima kutsogolo n'kumwetulira, pachithunzi n'kutuluka khoma.

Tsiku lina masana tinkajambula pamlatho. Shuruk anali m'galimoto yothamanga, ife odzaza malo tili m'mbali. Wotsogolera atangokuwa kuti tiyambe, tinamva mawu pakati pa msewu, kutsogolo kwa kamera penipeni: "Ndioneni! Ndine Nabawiya! Ndioneni!" Dalaivala sanaone kanthu. Galimoto inadumpha kamodzi n'kupitirira. Mawu aja anatha.

"Zabwino kwambiri!" anakuwa wotsogolera. "Kudumpha kumeneko ndakukonda, sitibwerezanso."

Ndipo anakusiyadi mu filimu. Anthu amaombera m'manja pamalo amenewo.

Ndiye inu ana aakazi amene mukubwera mu ntchito ino, mverani ine. Dyera ndi loipa, ndipo chuma cha zizimba chimalipidwa ndi anthu, osati ndalama. Nabawiya anafuna zonse yekha, anadya mnzake, anadya amene ankatimenyera nkhondo, mapeto ake anadyedwa ndi mwana amene anamulera. Mabwana sanataye kalikonse, Shahata akuperabe. Otayika tinali ife akazi. Ngati khomo ndi lopanikiza, likankheni pamodzi mpaka khoma ligwe, koma musalowe popondera mnzanu amene anakugwirani dzanja.