Madzi a m'nyumba ya Severino

Alufandika anatuluka pa geti ya fakitale ku Willowvale, mu Salisbury, nthawi itapitirira 11 koloko usiku. Makina odindira zitini anali atafa masana, ndipo folomani anakana kuti aliyense wa gulu lokonza aweruke makinawo asanadzuke. Mmene ankasamba girizi m'manja, basi yomaliza ya ku Highfield inali itapita kalekale. Anzake awiri anayala makatoni m'kanyumba ka alonda n'kugona. Iye anakana. Ankadziwa kuti mkazi wake Eneles achezera ali maso, poti chaka chimenecho, 1977, mwamuna akapanda kufika pakhomo anthu sankaganizanso za mowa kapena chibwenzi.

Masiku anayi okha m'mbuyomo, Severino, wa nyumba yogundana ndi yawo, anatengedwa pa siteji ya basi pa Machipisa ndi amuna awiri a galimoto yotuwa. Palibe ankadziwa mlandu wake. Ena ankati ankatumiza nsapato ndi mankhwala kwa anyamata a m'tchire omenyana ndi boma. Ena, motsitsa mawu, ankati mutengesi, wogulitsa anzake kwa apolisi mu laini yawo, anali iyeyo, ndipo kumugwirako kunali kungophimba anthu m'maso. Severino anali wa ku Angonia, wokhala yekha, wosakonda macheza. Chitengedwereni, chitseko chake chinali ndi loko kunja, makatani ali otseka, ndipo anthu ankadutsa pamenepo atayang'ana kumbali. Aliyense ankakhulupirira kuti pali wina amene akulemba mayina a olowa mumpandamo.

Kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni, kolowa mpaka m'mano. Alufandika anagwira thumba la jekete kuti atsimikize kuti chitupa chilimo, kenako anasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira kachidule kodutsa m'dambo. Mumsewu munali magalimoto olondera, ndipo munthu wa ku Malawi woyenda usiku ankafunsidwa mafunso ochuluka kuposa ena. M'dambomo munali udzu wouma ndi chisanu basi.

Atayandikira kamlatho ka pa ngalande, anaona munthu atakhala pa khoma lake.

Anachepetsa liwiro. Kubwerera kukanaoneka ngati kuthawa, ndipo wothawa amakhala ndi chimene akubisa. Anapitirira, maso ali pansi. Munthuyo anali wamtali, atavala ovolosi yakale ndi chipewa chaubweya chofika m'maso. Sankasuta, sankanjenjemera. Anangokhala, manja ali pa maondo.

"Mwaweruka mochedwa, a Alufandika."

Sichinali Chishona. Chinali chiyankhulo cha kwawo, chokoka pang'ono ngati cha anthu a kutsidya kwa malire a Dedza. Mawuwo Alufandika sanawadziwe, nkhopeyo sanaione bwino, koma dzina lake linatuluka bwinobwino. Akazitape nawo ankadziwa mayina. Ena ankaphunzira ndi ziyankhulo zomwe, kuti munthu amasuke.

Anayankha kuti ndi ntchito, n'kuwoloka. Sanafunse kuti ndinu yani.

Atayenda pang'ono, anazindikira kuti sali yekha. Sanamve mapazi, koma ankadziwa. Atacheuka, munthu uja anali pambuyo pake, mtunda wa mikono isanu. Anafulumira. Atacheukanso, mtunda unali womwewo.

"Madzi akutayika kwa Severino," anatero munthuyo.

Ndi umenewu msampha wake, anaganiza Alufandika. Akufuna aone ngati dzinalo lingandigwedeze. Anayankha osacheuka kuti si nyumba yake, ndipo mwiniwakeyo amangodziwana naye pa moni.

"Pansi pazizira," anatero munthuyo.

Analowa m'lokeshoni. Nyumba zonse zinali mdima. Agalu a kwa sitolo, amene ankauwa ngakhale pepala louluka, anangotulutsa mitu pansi pa mpanda n'kubwereranso. Alufandika anaganiza zokhota njira kuti asalondolere munthuyo pakhomo pake, koma anaona kuti n'kungodzivuta. Wodziwa dzina amadziwanso khomo.

Asanafike pa laini yawo anamva phokoso. Shwii... Losalekeza, ngati mvula ya patali.

Madzi ankatuluka pansi pa chitseko cha Severino, kutsika pa sitepe, kudutsa pa bwalo mpaka mumsewu. Ankanyezimira pa kuwala kwa nyenyezi. Anali atayamba kale, poti matope anali atafika pa geti ya Alufandika.

Anaima ndi dzanja pa geti yakeyo. Pa kona panali galimoto yakufa ya munthu wina wa mu laini, imene inakhala pamenepo miyezi isanu ndi umodzi matayala ataphwa. Usiku umenewo inaoneka ngati muli anthu. Anaiyang'anitsitsa mpaka maso anachita misozi. Anadziuza kuti m'mawa akauza a ku ofesi ya lokeshoni, abwere okha ndi zitsulo zawo. Madzi si mlandu wake.

"Chotsekera chili kuseri kwa chimbudzi, pansi pa mpichesi," anatero munthu uja. Tsopano anali ataima m'kati mwa mpanda wa Severino. Geti yake, imene inkalira mpaka kudzutsa ana, sinamveke. "Muchotse njerwa yachitatu."

"Bwanji osatseka nokha, poti mukudziwa malo ake?"

"Manja anga sagwira chitsulo."

Alufandika anayang'ana khoma limene nyumba ziwirizo zinkagawana. Kumbali yake, munsi mwa khomalo munali mutayamba kuda ndi chinyontho, ndipo kuseri kwake n'kumene ana ake ankagona. Anatukwana chamumtima. Anayang'ananso galimoto ija, kenako anadumpha mpanda chakumbuyo, kumene kunali mdima wambiri.

Pansi pa mpichesi panali mzere wa njerwa zokwiririka ndi dothi ndi masamba. Iye anali atakhala pafupi ndi bwalo limenelo zaka zinayi osadziwa kuti zilipo. Anawerenga ndi zala. Yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu inagwedera. Pansi pake panali kadzenje, ndipo m'kadzenjemo chogwirira chachitsulo chodzaza dzimbiri. Anapotoza, chinakana. Anakulunga mpango wake n'kupotozanso ndi manja awiri, mano ali gwa, msana ukudikira dzanja loti limugwire paphewa. Chinalira, chinasuntha. Phokoso lija linachepa, linachepa, n'kutha.

Kunangoti zii.

"Mwatseka," anatero mawu pafupi ndi khutu lake. "Tsopano mutsegule."

Anatembenuka msangamsanga. Panalibe munthu. Anayang'ana kuseri kwa chimbudzi, ku geti, mumsewu. Palibe. Pa matope onsewo panali mapazi a nsapato zake zokha.

Ndiye anamva kutsokomola.

Kunachokera m'nyumba. M'nyumba yokhoma ndi loko kunja, imene mwiniwake anatengedwa masiku anayi apitawo... Kutsokomola kofooka, kamodzi, kenako ngati wina akukutseka ndi dzanja.

Anadumphanso mpanda osadziwa kuti waudumpha bwanji. Eneles anatsegula asanagogode kachiwiri, poti anali chikhalire pampando nyali itazimitsidwa. Anamufotokozera monong'ona. Eneles anagwira mkono wake n'kukanitsitsa. Anati mwina ndi mnyamata wa m'tchire wobisidwa ndi mfuti yake, mwina ndi apolisi amene akudikira woyamba kukhudza lokoyo, ndipo zonse ziwirizo mathero ake ndi amodzi. Anamukumbutsa kuti ali ndi ana atatu ndipo kwawo ku Ntcheu sanapondeko zaka khumi. Nanga munthu wa pamlathoyo ndani? Anamudziwa bwanji? Alufandika anangoti kutsokomola kumene wamva si kwa mnyamata.

Eneles anatenga tochi pansi pa pilo, n'kunena kuti ngati akupita, apite onse.

Loko anali wolimba, koma thabwa la chitseko linali lofumbwa. Alufandika analowetsa chitsulo chokumbira m'munda, anakanikiza kawiri, misomali inazuka. Madzi anawathira m'mapazi, ozizira ngati mpeni. Tochi inaunika tebulo, mpando, nsapato za Severino zikuyandama. Pa khoma la kukhitchini, paipi yopita ku mpopi inali itathyoka pa chigongono, ikudontha.

Pansi pake, pakona, panali mulu wa mabulangeti onyowa. Muluwo unasuntha.

"Mayo!" anatero Eneles.

Anali mayi wokalamba, wochepa thupi ngati mwana, atakhala m'madzi msana atatsamira khoma. Maso ake anali oyera, osaona. Milomo inali itachita bii. Atamva mapazi anadzipinda n'kubisa nkhope, osatulutsa mawu. Eneles anagwada m'madzimo n'kuwayankhula m'chiyankhulo cha kwawo, kuti asaope, ndi anansi. Apo mpamene mayiwo anayamba kulira, koma ngakhale kulirako kunali kopanda phokoso.

Alufandika anawanyamula. Sankalemera kuposa thumba la makala. Anadutsa nawo kumbuyo, Eneles atazimitsa tochi, ndipo palibe chitseko cha mu laini chimene chinatseguka, ngakhale kuti katani ya nyumba ina inagwedezeka.

Anawavula zonyowa, kuwafunditsa bulangeti la ana, kuyatsa pulayimasi. Atamwa tiyi wa shuga wambiri, kunjenjemera kunachepa ndipo mawu anabwera pang'onopang'ono. Dzina lawo linali Celestina, mayi ake a Severino. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi pa famu ya fodya cha ku Centenary, mpaka usiku wina komboni yonse inapsa, anthu n'kubalalika. Severino anakawatenga masabata atatu apitawo n'kuwalowetsa m'nyumba usiku. Dzina lawo silinali pa khadi la nyumba, komanso munthu wochokera kumene kuli nkhondo ankafunsidwa zambiri. Choncho popita ku ntchito ankawatsekera, atawasiyira chakudya, n'kuwalangiza kuti asayankhe aliyense, asatsegule katani, asaitane munthu. Tsiku lina sanabwere. Buledi anatha tsiku lachiwiri. Madzulo a tsiku lachinayi anakwawa kupita ku mpopi, anagwira paipi kuti aimirire, paipiyo n'kuthyokera m'manja mwawo. Anagwa, ndipo miyendo inakana kudzukanso.

Eneles anayang'ana mwamuna wake. Palibe anafuna kukhala woyamba kunena kumene Severino ali. Pofuna kuzemba, Alufandika anafunsa ngati pali wachibale wina mu Salisbury, poti munthu wina wamtali ndi amene wamulondolera.

"Ndi Domingo ameneyo," anatero mayiwo. "Mkulu wake wa Severino. Anabwera pazenera, anati ndipirire, akukatenga munthu."

Alufandika anapuma mozama koyamba usiku wonsewo. Sanali kazitape, anali mwana wa m'nyumbamo. Koma mpumulowo unasanduka mkwiyo. Mwamuna wamkulu, wodziwa kuti mayi ake ali m'madzi, n'kukadikira munthu wina pamlatho m'malo mothyola chitseko? Ndiye kuti ankaopa kugwidwa, n'kusankha kuti agwidwe mnansi. Sanagone. Anakhala pafupi ndi zenera mpaka tambala, akudikira galimoto imene sinabwere.

Kutangoyera, Eneles anakaitana mayi Lidiya a tsidya la msewu. Anakambirana kaye ngati n'koyenera kuwauza, koma panalibe kuchitira mwina. Mayi Lidiya anali mu lainiyo chimangireni nyumbazo, ankadziwa banja lililonse, ndipo anali ndi zovala zoti zikanawakwana agogowo. Anabwera ndi chitenje ndi juzi atazibisa m'dengu. Anamvetsera nkhani yonse osadula, akusisita mapazi a mayi Celestina ndi mafuta.

Pomaliza Alufandika anawapempha kuti ngati akudziwa kumene Domingo amakhala, atumize mawu. Abwere masana ngati munthu, adzaone mayi ake, ndiponso ali naye mawu awiri.

Manja a mayi Lidiya anaima.

"Domingo wake uti?"

"Mkulu wake wa Severino. Ndayenda naye usiku kuchokera kudambo."

Mayi Lidiya anapukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono. Anati nyumba imeneyo poyamba inali ya Domingo, ndipo Severino anachita kulowa m'malo. Domingo ankagwira ntchito yokumba ndi kuyala mapaipi. Mu 1968, nthawi ya dzinja, dzenje linamugumukira ali m'kati, ndipo anamufukula tsiku lotsatira.

"Maliro ake anagona pabwalo pomwepo," anatero. "Ine ndinaphika nawo. Amuna anga ananyamula nawo bokosi."

Alufandika anamva khutu lake lakumanzere, limene mawu aja anayankhuliramo, likuzizira. Eneles anapanga chizindikiro ndi maso kuti asapitirize, kuopa kuti mwina agogowo sanauzidwe, kapena ukalamba unawaiwalitsa.

Koma mayi Celestina anali atamva zonse. Anaika kapu pansi mosamala, akufufuza malo ndi zala.

"Ndikudziwa," anatero. "Kalata inandipeza, ndinameta, ndinalira chaka chathunthu. Koma Severino anandiletsa kuitana munthu aliyense wa mu laini muno. Ndiye madzi atafika m'chiuno, ndikanaitana ndani?"