Kiyi wa Pansi pa Mphika wa Maluwa

Madzulo amenewo ndinaweruka kuntchito monga masiku onse, n'kukwera basi yopita kunyumba yakale ya amayi. M'chikwama munali buledi, botolo la tiyi ndi burashi yatsopano. Kunja kunali kutayamba kale kuda. Inali nyengo yozizira, ija dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.

Nyumbayo tinali kuigulitsa. Ndikati "tinali" ndikunama pang'ono, chifukwa wofuna kugulitsa ndinali ine ndekha. Amayi chifuwa chinali chitawagwira kolimba, ndipo adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti makoma achinyezi aja awamaliza akapitiriza kugonamo. Ndinawatenga kukakhala nawo m'kanyumba kanga ka lendi, mbali ina ya tauni. Koma mayi anga ndimawadziwa. Nyumba ija ikanakhalabe yawo, tsiku lina ndikanaweruka n'kupeza atamanga katundu, abwerera. M'mawa uliwonse ankandifunsa kuti basi yopita kwawo imaima pati.

Ejenti wotigulitsira nyumbayo ndinkamutcha a Tayi, chifukwa tayi sankavula ngakhale atavala majuzi awiri. Anandiseka nditamuuza kuti ndikufuna wogula msanga. Anati nthawi yozizira nyumba siyenda malonda: anthu amangobisala m'mabulangete, kapinga wapakhomo amakhala atauma, ndipo wobwera kudzaona amangoona mdima ndi nkhungu za m'makona.

"Dikirani kutenthe, mayi," anatero. "Kukatentha aliyense amasamuka."

Ndinamuyankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Atandiona kuti sindikuseka, anandipatsa malangizo. Zithunzi zonse zichoke pakhoma kuti wogula asadzione ngati mlendo. Makoma apakidwe penti woyera. Hita yotenthetsa m'nyumba izikhala yoyaka. Ndipo kiyi amene anamupeza pansi pa mphika wa maluwa pakhonde achoke tsiku lomwelo, chifukwa nyumba yopanda anthu yokhala ndi chikwangwani cha malonda pageti imaitana akuba.

Kiyi ameneyo ali ndi nkhani yake. Achimwene anga, mwana wachisamba wa amayi, anachoka pakhomo ine ndili kamwana kosatha kumanga zingwe za nsapato. Kunali kotentha. Anavala malaya a manja aafupi, nati akukaonana ndi mnzawo za ntchito, abwera usiku, asawatsekere kunja. Amayi anaika kiyi pansi pa mphika. Achimwene sanabwere. Apolisi anafufuza mpaka kutopa, bambo anamwalira akudikira, ine ndinakula mpaka imvi zayamba kundituluka. Maluwa a mumphikawo ankafa n'kudzalidwa ena, koma kiyi anali pomwepo. Nkhope ya achimwene ndinkangoidziwa pa chithunzi chimodzi chofwifwa, chimene tsopano chinali m'katoni.

Chikwangwani amayi anachilola chifukwa ankakhulupirira kuti palibe angagule nyumba kukuzizira. Koma mapepala anakaniratu kusaina. Ndikayamba nkhaniyo ankangondifunsa funso limodzi, kuti wachisamba wawo akabwera apeza ndani. Kunena zoona, funsolo linkandikwiyitsa. Ine ndinalipo, ndikuwaphikira, ndikuwathira mankhwala m'supuni, koma mtima wawo unali pa munthu amene sanatumizeko ngakhale moni. Kiyi ndinamuchotsa n'kumuika m'thumba la jekete. Amayi sindinawauze.

Chipinda chomaliza kupenta chinali cha achimwene. Ndinali nditapaka khoma limodzi masiku angapo m'mbuyomo, koma penti wake sanafune kuuma. Kuzizira kunkamugwira, ukamukhudza ankakakamira kuchala ngati phala. Ndinayatsa hita, ndinamwa tiyi nditaimirira, ndinayamba khoma lachiwiri. Nyale zonse zinali zitalongedzwa, kunangotsala babu limodzi lofooka m'kakhonde ka m'kati. Pazenera chifunga chinali chitatseka mpaka geti osaoneka.

Nyumba yopanda katundu imabweza mawu. Ndinkamva burashi yanga, ndinkamva mpweya wanga. Kenako ndinamva chinthu china.

Khwee.

Linali phokoso la dothi lowotcha likukhula simenti. Wina anali kusuntha mphika pakhonde.

Ndinaima burashi ili m'manja. Panadutsa kanthawi kuli zii. Mphika unasunthanso, ulendo uno pang'onopang'ono, ngati munthu akufufuza bwinobwino pansi pake. Kenako unabwezedwa pamalo ake.

Kugogoda kunabwera pambuyo pake. Sikunali kwamphamvu. Kunali kwa munthu wofika mochedwa amene sakufuna kudzutsa ogona.

Mkazi wanzeru sakanatsegula. Koma chikhazikitsireni chikwangwani, anabwera kudzaona nyumba anali banja limodzi lokha, ndipo mkaziyo anatuluka akuyetsemula asanafike n'kukhitchini komwe. Ndinafunsa kuti ndani.

"Ndaona chikwangwani," anatero mawu aamuna, otsika.

Ndinatsegula.

Anali mnyamata wamtali, wochepa thupi, woti akhoza kukhala mwana wanga. Anaima chammbali, kuwala kwa babu kukumufika paphewa pokha. Ndinapepesa kuti m'nyumba muli fungo la penti, iye analowa. Atandidutsa ndinamva fungo lina, la fumbi ndi thukuta la munthu amene wayenda padzuwa tsiku lonse. Ndinadziuza kuti mwina amagwira ntchito pa uvuni.

Ndinayamba kulakatula zimene a Tayi anandiphunzitsa. Denga ndi lolimba, mapaipi ndi atsopano, sukulu ili pafupi, kukatentha pabalaza pamalowa dzuwa lokoma. Pakamwa panga pankatuluka nthunzi pa liwu lililonse. Pakamwa pake sipankatuluka kanthu. Ndipamene ndinaona kuti wavala malaya a manja aafupi, ndipo khungu la mikono yake linali losalala, lopanda tsemwe. Kunja kunali konyowa, koma nsapato zake zinali mbuu ndi fumbi louma.

Sanadikire kuti ndimutsogolere. Chitseko cha kukhitchini chimalimba, aliyense wachilendo amalimbana nacho mpaka kutukwana. Iye anachinyamula pang'ono ndi bondo, chinatseguka. M'kakhonde anakhota n'kulambalala malo opanda kanthu pafupi ndi khoma. Pamenepo panali kabati yaikulu ya mbale, imene bambo anaigulitsa ine ndili ku pulayimale.

Mawu anga anayamba kuchepa. Pabalaza anaima nthawi yaitali akuyang'ana khoma loyera, pomwe panali zithunzi. 

Analowa m'chipinda cha achimwene. Ine ndinaima pakhomo. Ndinamuchenjeza kuti asamale, penti sanaume. Iye anatambasula dzanja lamanja n'kuliika pakhoma, chikhatho chonse, monga momwe umagwirira mphumi ya mwana wodwala. Atalichotsa, chidindo chinatsala. Zala zinayi zinali zathunthu. Chaching'ono chinathera pakati.

Nkhani ya chala chimenecho ndinaimva kambirimbiri. Tcheni cha njinga chinachidula achimwene ali mwana, ndipo amayi anathamanga nawo kuchipatala atakulunga dzanjalo m'nsalu ya patebulo. Ankaikamba nthawi zonse akamadula anyezi, kuti misozi ikhale ndi chonamizira.

"Kiyi palibe," anatero, akuyang'anabe khoma.

Kiyiyo ndinkamumva m'thumba, akuzizira mpaka pakhungu. 

"Amayi a m'nyumba muno akupita kuti?" anafunsa.

Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Mtima unkandiuza kuti ndinene kuti sindikudziwa, kuti ine ndine wopenta chabe. Koma ndinaona amayi m'maganizo, atavala juzi lawo lotuwa, akutsika basi ndi kachikwama, akubwerera m'makoma omwewa kudzatsokomola mpaka kufa, chifukwa mwana wawo sadziwa kowapeza. Funso lawo lija linali ndi yankho limodzi lokha, ndipo woliyembekezera anali ataima patsogolo panga.

Ndinamuuza. Ndinatchula basi, pamene amatsikira, sitolo ya nsapato ya pakona, masitepe achitsulo, chitseko chobiriwira. Anamvetsera mutu uli pansi. Kenako anatembenuka, ndipo kuwala kunagwira mbali imodzi ya nkhope yake. Inali nkhope ya m'katoni ija, yosakalamba ngakhale pang'ono.

"Wakula, iwe," anatero.

Anandidutsa pakhomo. Kutentha kwa thupi lake kunandikhudza patsaya ngati ndayandikira mbaula. Sindinamve chitseko chakunja chikutseguka kapena kutsekeka. Nditalimba mtima n'kusuzumira, m'kakhonde munalibe munthu.

Ndinaimbira amayi foni, inangoitana. Ndinasiya chitini cha penti chosatseka, hita ndinazimitsa ndi phazi, ndinathamangira kumsewu. Basi inkayenda ngati nkhono chifukwa cha chifunga, ine ndikupemphera mapemphero opanda mutu. Pa masitepe achitsulo ndinagwa n'kudzuka. Nditagwira chogwirira cha chitseko changa, dzanja linanyowa. Ndinaliyang'ana. Linali loyera.

Amayi anali atakhala patebulo, atafunda bulangete, maso ali gwa. Patebulo panali makapu awiri. Imodzi anali atamwa, inayo inali yodzaza, tiyi wake atazizira. Nkhope yawo inali yowala moti ndinakumbuka kuti kale anali mkazi wokongola.

"Mapepala aja ubweretse mawa," anatero. "Ndisaina."

Pamkono wawo wamanzere, pamwamba pa chikhatho, panali mizere yoyera ya zala, monga umagwirira munthu wokalamba pomuwolotsa msewu. Mzere womaliza unali waufupi. Nditabwera ndi nsalu yonyowa kuti ndiwapukute, anabisa mkonowo m'bulangete n'kundiuza kuti ndikagone.

Nyumba inagulidwa kuzizira kusanathe. Anaigula ndi banja lina limene linasamutsidwa mwadzidzidzi kuntchito, ndipo a Tayi anayenda akudzitama tauni yonse kuti iwo amagulitsa ngakhale pachisanu. Tsiku lopereka makiyi, aphunzitsi opuma pantchito amene akhala kuseri kwa mpanda wathu chiyambire anandikodola. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti mumsewu monse nkhaniyi amaidziwa, amangoopa kuwauza amayi. Anati zaka zonsezi, usiku wina wachifunga, pamabwera mnyamata wa malaya a manja aafupi. Amanyamula mphika, amayang'ana pansi pake, amaubweza n'kumapita. Sanagogodepo.

"Ankangofuna kuona ngati amayi ako akumudikirabe," anatero aphunzitsiwo. "Kiyi uja unamuchotseranji, mwanawe?"

Ndinamvanso kuti eni ake atsopano apaka khoma lija kangapo, koma chikhatho chimatulukabe penti akauma. Akuti aikapo kabati.

Chifuwa cha amayi chinapepuka. Anayamba kudya bwino, anasiya kufunsa za basi. Adokotala anandiyamikira kuti ndinachita zanzeru. Ine ndinkayesa kukondwa, koma panali zina zimene sindinawauze adokotala. Madzulo alionse amayi ankakokera mpando pafupi ndi chitseko. Anachapa diresi lawo labwino n'kulisita okha. Nsapato zawo zoyendera anazipukuta n'kuziika pansi pa mpandowo, zitaloza kunja. Penti uja anafufutika pamkono, koma ankapasisitabe pamalopo ndi chala.

Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa kuti usiku uja anakambirana zotani.

Anaseka pang'ono, ngati mtsikana amene wagwidwa ndi chinsinsi.

"Amafuna tinyamuke pompo," anatero. "Ndiye anamva mmene ndikutsokomolera. Akuti njira yake ndi yaitali, sindingaithe kukuzizira chonchi. Adikira kutenthe."

Chipeso chinandigwa m'manja. Amayi anachitola n'kundipatsa, nandiuza kuti ndimalize mbali inayo.

Ine amene ndinkatukwana chisanu m'mawa uliwonse, tsopano ndimadzuka n'kuthamangira pazenera kukaona ngati galasi lachita mame. Ndimakondwa zala zikamauma ndi kuzizira pa siteji ya basi. Koma masiku ayamba kutalika. Dzulo ndinaweruka kukadali kowala, ndipo mtengo wa pafupi ndi sitolo ya nsapato waphuka timasamba tanthete. Nditafika pamwamba pa masitepe ndinapeza amayi atagula kamphika ka maluwa n'kukaika pakhomo. Juzi anali atavula.