Dzira la Dunja Likana Kufiira

Dunja ankafuna dzira lofiira. Limodzi lokha. Lofiira psuu.

Linali Lachisanu Loyera. Kwawo kwa Dunja, tsiku limeneli nyumba iliyonse imaphika mazira a Pasaka ndi kuwapaka mtundu. Dzira limodzi lofiira silidyedwa. Limakhala pashelefu chaka chonse. Limalondera nyumba.

Ntchito imeneyi inali ya bambo a Dunja. Bambowo anamwalira m'nyengo yozizira. Amayi ake anati chaka chino za mazira ayi. Anati manja awo ndi awiri, si khumi. Anamenyetsa chitseko, ulendo kukhola la nkhumba.

Nanga nyumba ailondere ndani?

Dunja anapeza kabichi wofiira. Kabichi wofiira, dzira lofiira. Nzeru zake zinathera pomwepo. Mungamunene? Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu.

Anaduladula kabichi. Anamuwiritsa. Madzi anasanduka a pepo. Anaikamo dzira. Anadikira. Anadikira. Analivuula.

Dzira linali la buluu.

Anaikamo lachiwiri. Anadikira. La buluu.

Mutu wa Dunja unaima. Nkhuku zinaikira atatu okha. Linatsala limodzi.

Masana kunabwera azakhali ake, a Zorka. Iwo amagwira ntchito yoyeza madzi a m'mipope kutauni. Anasuzumira mumphika.

"Kamwanapiye kanga, ukupenta dzira kapena mtambo?"

Dunja sanaseke. Anati kabichi wamunamiza.

Azakhali anati kabichi sanama. Anatulutsa timapepala m'chikwama. Anati timayeza chinthu chotchedwa pH. Ukaviika kapepala, kamasintha mtundu. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake pabokosi. Nambala zimayambira pa 0 kukafika pa 14.

Anaviika kapepala m'madzi akumwa. Nambala 7. Pakatikati.

Anaviika kena mu viniga. Nambala 3. Kumunsi kwa 7 kuli zowawasa. Dzina lake asidi.

Anaviika kena m'madzi a soda wophikira. Nambala 9. Kumtunda kwa 7 kuli soda, sopo ndi madzi a phulusa.

Dunja anakanda m'mutu.

"Azakhali, chowawasa kwambiri nambala yake yaing'ono?"

"Eya."

"Si yaikulu?"

"Yaing'ono."

"Anayambitsa zimenezi ndani?"

"Usandiyang'ane ine. Ndinazipeza."

Kenako azakhali anathira madzi a kabichi m'makapu awiri. M'kapu yoyamba anadonthezamo viniga. Madzi anafiira. M'kapu yachiwiri anadonthezamo soda. Madzi anasanduka a buluu.

Azakhali anati kabichi amangoulula. Akakumana ndi asidi, amafiira. Akakumana ndi za kumtunda, amachita buluu. Ndipo chigoba cha dzira ndi cha kumtunda, mbali ya soda.

Dunja anayang'ana dzira. Silinkaoneka ngati soda. Silinkaoneka ngati sopo. Linkaoneka ngati dzira basi.

Koma anamvapo chimodzi. Viniga amafiiritsa. Anatenga dzira la buluu. Analimiza mu viniga. Linafiirira pang'ono. Dunja anadumpha. Kenako linayamba kuchita thovu. Mtundu unasupuka. Chigoba chinakhakhala.

Azakhali anati asidi akudya chigoba. Akalisiya momwemo, dzira litsala lamaliseche.

Dunja anakhala pansi. Kabichi ayi. Viniga ayi. Dzira limodzi.

Chitseko chinatseguka. Amayi analowa. Anaona makapu. Anaona thovu. Anaona kabichi wa tsiku la Pasaka atathera mumphika. Anafunsa ngati khitchini yasanduka chipatala. Anauza a Zorka kuti munthu wamkulu achite manyazi.

Dunja anayankhula motsitsa. "Amayi, nyumba ilibe mlonda."

Amayi anavula nsapato zamatope. Anasamba m'manja.

"Bambo ako nambala sankazidziwa," anatero. "Ankadziwa anyezi. Bweretsa dengu."

Amayi anasenda anyezi yense wa m'dengu. Makoko ouma anawaika mumphika. Anathiramo madzi ndi supuni imodzi ya viniga. Dunja anachita mantha. Azakhali anati supuni imodzi siidya chigoba. Imangothandiza mtundu kugwira. Ndipo makoko a anyezi sasinthasintha ngati kabichi.

Amayi anapatsa Dunja dzira lotsiriza. Dunja analiika mumphika pang'onopang'ono. Mphika unawira. Anadikira. Anadikira. Analivuula.

Lofiira.

Amayi analipukuta ndi kansalu ka mafuta. Linawala. Ananyamula Dunja m'mwamba. Dunja analiika pashelefu ndi manja ake awiri.

Patebulo panatsala mulu wa anyezi wosenda. Kutaya ayi. Amayi anati madzulo ano nyemba zikhala ndi anyezi wa mudzi wonse. Anayamba kudula. Misozi inatsika.

"Ndi anyezi uyu," anatero amayi.

Palibe amene anawafunsa.

Azakhali anatenga mpeni wina. Dunja anagwira mbale. Posakhalitsa onse atatu ankalira. Posakhalitsa onse atatu ankaseka.